Manda a Pambali pa Abutchala

Abutchala anali munthu wa thupi, ndipo sitiroko itawagwira inawalanda dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mbali imodzi ya pakamwa, koma kulemera kwawo inawasiyira konse. Akazi awo ankati matendawo anachita ngati wakuba wodziwa ntchito: anatola zonyamulika, katundu wolemera n'kumusiya kuti eni nyumba aone chochita.

Akazi awowo aliyense mumsewu umenewo ankangowatchula kuti Amayi, ngakhale anthu amene anali ndi amayi awoawo. Anali ochepa thupi, a imvi mutu wonse, ndipo anakalambira pa makina osokera mayunifolomu a ana asukulu. Tsopano ntchito yawo inali imodzi: m'mawa kuchotsa amuna awo pabedi n'kuwakhazika pa chikuku, mpando wa matayala uja, madzulo n'kuwabwezera. Anali ndi njira yake. Ankawakumbatira m'khwapa, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi yonena zowoloka mtsinje, ndipo nyimbo ikafika pokwera mawu, onse awiri ankadzikoka pamodzi. Ambuye ankamva, Abutchala n'kufika pa chikuku.

M'mawa wina nyimbo inakwera, Abutchala anakwera pang'ono, koma msana wa Amayi unangoti thyo! Onse awiri anatsetsereka mpaka pansi, pakati pa bedi ndi kabati ya zovala, mwendo wakufa uja utapingasa pamimba pa Amayi.

Kenaka Abutchala anayankhula ndi pakamwa pawo popotokapo.

"Mayi, kodi tafika?"

"Tafika, bambo. Tsikani, basi yathera pano."

"Nyimboyi mwaiyambira pamwamba."

"Eya, vuto ndi nyimbo. Si mafuta aja munkalawa pa ng'ombe iliyonse yolowa m'butchala, ayi ndithu."

Anakhala pansipo mpaka makaniko wa nyumba yoyandikana anamva kuitana n'kubwera ndi manja a girisi kudzawatola mmodzimmodzi.

Kuchipatala adokotala sanazungulire. Anati Amayi akadzawanyamulanso bambowo, m'nyumbamo mudzafunika zikuku ziwiri. Pankafunika munthu wophunzira ntchito yosamalira odwala, wamphamvu zake, wobwera m'mawa ndi madzulo kudzawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwalimbitsa miyendo. Anawapatsa nambala ya bungwe lotumiza anthu otere. Amayi ataimba foni n'kumva mtengo wa pamwezi, anafunsa mwaulemu ngati wosamalirayo amabwera yekha kapena amatsagana ndi angelo. Wa pafoniyo anati amabwera yekha.

Ana analipo awiri. Wachisamba, mwamuna wa taye ndi galimoto, ankagwira ntchito mu ofesi mbali ina ya mzinda womwewo. Mzime, wamkazi, anakwatiwa kutali, ndipo chikondi chake chinkafika pa foni, chikulira. Lamulungu masana Wachisamba anabwera ndi thumba la malalanje, anaika foni patebulo kuti mlongo wake amve nawo, n'kudzikhazika pampando wa bambo ake.

"Vuto lathu m'banja muno," anatero, "ndi kusowa dongosolo. Timachita zinthu mwadzidzidzi."

"Zoona, mwana wanga. Sitiroko ija tinangoiitana osayamba takhala pansi."

"Amayi, ndikunena zenizeni. Pali anthu ophunzira zimenezi, alangizi a zachuma. Amaona zimene muli nazo n'kukukonzerani njira yolipirira chisamaliro cha ukalamba. Ndapeza mmodzi, ndipo ndalipira kale."

"Mwachita bwino, achimwene," inatero foni, ikufwenthera.

Amayi anayang'ana malalanje aja. Anaganiza kuti mwana wolipirira malangizo wakwaniritsa theka la lamulo lolemekeza makolo, ndipo theka linalo akudziwa ndi Mulungu. Koma anangothokoza, popeza mwana ndi mwana, ndipo malalanjewo anali abwino.

Ofesi ya mlangizi inali pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo chikepe chinali chitafa. Amayi anakwera masitepe dzanja limodzi lili kumsana, Wachisamba ali patsogolo akuyankha foni. Pakhoma la chipinda chodikirira panali chithunzi cha nkhalamba ziwiri zili pa njinga, zikuseka ndi mano onse. Amayi anaziyang'anitsitsa n'kuona kuti zinali zisanamvepo mbiri ya msana.

Mlangiziyo anali mtsikana wa magalasi, msinkhu wa Mzime, wolankhula mofatsa. Anawapatsa mpando wofewa ndi madzi akumwa, n'kuyamba mafunso. Penshoni? Munthu wodzilemba yekha ntchito, penshoni amupatsa ndani? Butchala inagulitsidwa kalekale, ndalama zake zinathera ku sukulu, ndipo apa Amayi analoza Wachisamba ndi chibwano. Nyumba? Yawoyawo, ya zipinda ziwiri, denga likudontha kukhitchini. Kubanki? Kunali kangachepe koti ukapita kukatapa, a kubankiko amachita kukumvera chisoni.

"Ndiye palibe chimene munakonzeratu, amayi?"

Apa Amayi anawongoka, msana n'kuuiwala. "Aa, kukonzeka ndiye tinakonzeka, mwana wanga. Ife si anthu ongokhala ayi."

Anayamba kufotokoza monyadira. Inshuwalansi ya maliro, yolipira mwezi ndi mwezi osadumphitsa, chiyambire Mzime ali kumsana. Mabokosi a matabwa olimba, a zogwirira zonyezimira. Galimoto yonyamula maliro, basi ya operekeza, matenti, mipando, ngakhale nkhata za maluwa. Ndipo pamwamba pa zonse, malo awiri oyandikana ku manda a kampani aja a kuphiri, pansi pa mtengo wa mthunzi, ogulidwa ndi kulipiridwa.

Chifukwa chake chinalipo. Bambo a Abutchala atamwalira, thupi linakhalitsa ku nyumba yachisoni ya kuchipatala, abale akuyendetsa mbale ndi kukangana, mpaka linakaikidwa m'bokosi limene onyamula anachita kuligwiriza kunsi ndi manja. Tsiku limenelo Abutchala analumbira kuti ana awo sadzayendetsa mbale. Imfa anaikonzera ngati mlendo wolemekezeka, khomo lakutsogolo losesedwa bwino. Ukalamba ndiye unalowera kukhomo la kukhitchini, popanda wouona.

Mlangizi anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Amayi, ndinene chilungamo?"

"Nenani. Walipira kale uyu."

"Tsiku limene mudzatisiye, inu ndi bambo mudzakhala anthu olemera. Vuto ndi masiku ali pakatipa."

Anafotokoza bwinobwino, ndipo Amayi anavomereza mumtima kuti mtsikanayu sankangodya ndalama za anthu. Inshuwalansi ya maliro singatulutse kanthu munthu akupuma; imeneyo imadikira chikalata cha imfa. Nyumba asagulitse, chifukwa lendi idzameza zonse, ndipo wodwala sasamutsidwa ngati kabati. Ngongole asayerekeze n'komwe. Ana aziponyapo kanthu mwezi uliwonse, kokhazikika, osati pokhapokha mtima ukawakumbutsa. Pa mawu amenewa foni ya Wachisamba inafuna kuyang'anidwa mwachangu.

"Koma pa zonse zimene muli nazo," anapitiriza mlangizi, "chimene chakwera mtengo n'chimodzi. Manda a kuphiri aja anadzaza, ndipo anthu akulimbirana malo. Mukagulitsa malo amodzi, ndalamazo n'kuzisunga kumene zingamabereke pang'ono, wosamalira bambo alipidwa kwa nthawi yaitali ndithu. Enawo muwasunge."

Wachisamba anadzutsa mutu. "Zimenezo ndiye ayi. Chemwali, ine ndinalipira kuti mutipatse nzeru, osati manyazi. Makolo anga adzaikidwe wina kuphiri wina kuchigwa, ngati anasudzulana? Anzanga a kuntchito adzabwera pamaliro amenewo. Adzati chiyani?"

"Adzati pepani," anatero Amayi. "Pamaliro amatero. Koma wanena zoona, mwana wanga, tisagulitse. Uzingobwera m'mawa ndi madzulo kudzanyamula bambo ako."

"Amayi, mukudziwa kuti m'mawa ndimakhala ndi misonkhano."

"Eya, ndinaiwala. Dziko lingaime."

Komabe potsika masitepe, mtima wa Amayi unali mbali ya mwana wawo, ngakhale sakanamuuza. Malo ajawo ankawakonda. Abutchala asanadwale, masiku ena akaweruka kutchalitchi ankakwera basi kukawaona, monga ena amakaonera munda. Ankakhala pa benchi, Abutchala n'kumazula kaudzu apa ndi apo, akudandaula kuti ogwira ntchito kumeneko ndi aulesi chifukwa makasitomala awo sadandaula. Amayi anasankha malo a kumanzere, popeza chikwatiwire ankagona kumanzere, ndipo sankaona chifukwa chosinthira pa nkhani ya kufa yokha. Ankaganiza kuti lipenga lomaliza likadzalira, adzatembenuka n'kugwedeza bambowo paphewa, chifukwa Abutchala anali asanadzukepo ndi belu lililonse popanda wowagwedeza.

Choncho anakana. A kumpingo anabwera, anaimba, anapemphera mwamphamvu, anamwa tiyi n'kupita, Abutchala ali pomwepo pamene anawapeza. Makaniko ankathandiza akapeza mpata, koma mpata wa makaniko umadalira magalimoto a eni, ndipo masiku ena wodwalayo ankagonera mbali imodzi mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lina powapukuta, Amayi anaona pachiuno pawo pofiira ngati nyama ija ankadula okha, khungu litayamba kutseguka. Abutchala sanadandaule, anangoyang'ana kudenga ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Amayi anatsuka balalo, anapita kukhitchini, anagwada movutikira pafupi ndi ndowa yolandira madzi odontha, n'kuuza Ambuye kuti amva. Sanapemphere motalika, podziwa kuti kudzuka pamenepo kufunanso pemphero lina.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya kumanda n'kukanena kuti malo amodzi akugulitsa. Posakhalitsa kalaliki wa kumeneko anaimba foni: wogula wapezeka, sakunenerera mtengo, abwere adzaonane.

Ofesiyo inali kachipinda ka pageti, kodzaza ndi zitsanzo za miyala ya pamanda zotsamira khoma. Amayi atalowa anamva kaye fungo la mafuta odzola, kenaka mawu.

"Aleluya! Kodi ndinu, mayi? Taonani ntchito za Ambuye!"

Mumpingo wonse munalibe amene sankawadziwa Mayi Aleluya. Anali mkazi wamasiye wa m'kwaya, wa mawu okwera amene ankafika pamene anzawo achokapo kale, ndipo liwu limene linawapatsa dzinalo ankaliika paliponse, ngakhale pofunsa mtengo wa sopo. Kwa zaka zambiri ankagula nyama kwa Abutchala, ndipo sanachokepo popanda basela: kachiwindi apa, kafupa ka msuzi apo, akuseka atatsamira kauntala. Amayi sanagwirepo cholakwa chilichonse, chifukwa panalibe chogwira, ndipo chimenecho ndicho chinkawawa kwambiri.

"Ogula ndinu?"

"Ndine, aleluya. Nditamva kuti pansi pa mtengo paja papezeka malo, ndinati Ambuye ayankha."

"Akuyankhani msanga. Enafe tinapempha msana, tikudikirabe. Mukudziwa amene adzagone pambali pake?"

"Ndikudziwa, mayi. Anthu abwino."

"Munthu mmodzi. Mwamuna wanga. Chiwindi chija sichinakukwaneni, tsopano mwabwerera mwini butchala?"

Kalaliki anayamba kusanja mapepala amene anali osanja kale.

"Mayi, ndi manda awa," anatero Mayi Aleluya atagwira pachifuwa. "Kumene tikupitako kulibe za ukwati, munawerenga nokha."

"Ndinawerenga. Koma sindinawerenge kuti kumeneko kulinso basela."

Anatuluka osatsanzika, ndipo chitseko akanachimenyetsa msana ukanalola.

Kunyumba anapeza Abutchala atagonera mbali yabwino, pilo ali kumsana mmene anawasiyira. Anawauza zonse ali chiimire, chikwama chikadali m'manja. Abutchala anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka bedi linayamba kugwedezeka. Ankaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri.

"Mukuseka? Zakukomerani eti? Sekani, ndione mano amene atsala."

"Mayi," anatero atapeza mpweya, "mkazi uja ndinkamupatsa chiwindi kuti achoke msanga. Akapanda kulandira ankayamba kuimba, makasitomala n'kumabwerera pakhomo."

"Zaka zonsezi osanena?"

"Munafunsa?"

Amayi anaika chikwama pansi n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Kunena zoona sanafunsepo. Munthu safunsa zinthu zimene akuzidziwa kale, makamaka zikakhala zabodza.

"Chabwino," anatero Abutchala. "Ngati zikukuwawani, gulitsani anga, a kumanja. Inu mukagone pamalo panu."

Amayi anatsegula pakamwa kuti avomere, n'kutsekanso. Anadziona atagona kumanzere, pansi pa mtengo uja, mpaka tsiku lachiweruzo, pambali pawo pali Mayi Aleluya.

"Bambo, ndinakulakwirani chiyani?"

Anaseka onse awiri, mpaka msana unakumbutsa mwini wake kuti ulipo. Phwete litatha, Abutchala anayang'ana Amayi. Ndi dzanja lamoyo lija anagwira nsonga ya juzi ya akazi awo.

"Mayi, balali likuwawa. Sindinkafuna kunena. Ndipo m'mawa ndimakumvani podzuka. Mumatchula dzina la Yesu phazi lisanafike pansi, ndipo si pemphero la m'mawa lija ayi." Anakoka juzi ija pang'ono. "Wondiika m'manda sadzasowa, tinalipira. Ndikusowa wonditembenuza."

Amayi anakonza pilo amene sankafuna kukonza.

Mayi Aleluya ankakhala m'chipinda cha lendi kuseri kwa sitolo ya nsapato. Amayi anali asanapondemo chiyambire, ndipo tsiku lotsatira anagogoda ngati munthu wodzatenga zake. M'katimo munali bedi limodzi, mpando umodzi ndi kapu imodzi patebulo. Kapu yachiwiri mwini nyumba anachita kukaifufuza pansi pa kabati n'kuitsuka fumbi. Popanda mpango wa kutchalitchi ndi zodzoladzola, Mayi Aleluya ankaoneka okalamba kuposa Amayi, ndipo mpaka tiyi kuwira liwu lawo lija silinamveke.

"Ndabwera ndi funso limodzi," anatero Amayi. "Manda mumzinda muno ndi ambiri, otchipa. Bwanji pamene paja?"

Mayi Aleluya anazunguza supuni m'kapu kwa nthawi.

"Amuna anga anafera kunja kumene ankagwira ntchito, n'kuikidwa komweko. Manda awo ndinangowaona pa chithunzi. Ana Mulungu sanandipatse. Ndalama zimene a kuntchito kwawo ananditumizira ndakhala ndikusunga zaka zonsezi, osadziwa kuti ndikusungira chiyani. Ndikaikidwa kwina, mayi, adzapondako ndani? Koma paja ana anu azidzabwera kudzaona makolo awo. Azidzazula udzu, ndipo dzanja likalakwitsa lidzazulako ndi kwanga. Mwina wina adzati, awa ndi mayi aja ankaimba moipa aja."

"Palibe amene amanena zimenezo."

"Mumanena ndinu, mayi, ndipo simunama. Ndimadziwa mmene ndimaimbira. Koma ndi m'kwaya mokha mmene ndikajomba munthu amafunsa."

Amayi anayang'ana m'kapu mwawo. Anakumbukira maulaliki onse onena za akazi amasiye amene anawavomera ndi ameni wamphamvu, wamasiye mwini ali pa benchi ya kutsogolo kwawo. Anamva manyazi, ndipo popeza manyazi sankawazolowera, anawatulutsa mwa njira yawo.

"Ana angawo musawadalire kwambiri pa nkhani ya udzu. Koma wamkuluyo adzalipira munthu wodzapereka malangizo a kazulidwe kake."

Mayi Aleluya anaseka, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Komanso tiyi wanuyu wachepa shuga," anawonjezera Amayi. "Lachitatu mubwere kwathu mudzaone mmene amathirira. Koma kuimba ayi, m'nyumba muli wodwala."

Anakumananso ku kachipinda ka pageti kaja. Kalaliki, amene anakhala pafupi ndi chitseko mwa kusamala, anafunsa kuti alembe malo ati, a kumanzere kapena a kumanja.

Amayi anayang'ana pazenera. Mtengo uja unkaoneka chapatali, mthunzi wake uli pomwepo pa benchi.

"A kumanzere."

"Otsalawo akhala m'dzina la ndani?"

"La amene adzayambe kutsogola. Winayo akagona kumene ana adzapeze. Wodzadzutsa akufa sasowa keyala ya munthu." Anatenga cholembera, n'kuima kaye. "Kodi n'zololedwa kumanga kakhoma pakati?"

"Malamulo athu salola khoma lopitirira m'mabondo, mayi."

"Lakwana. Onse adzakhala chogona."

"Aleluya," anatero wogula, motsitsa mawu, ndipo ulendo uno Amayi anaona kuti liwulo lagwa pamalo pake.

Mlangizi anakonza zoti ndalamazo zisungidwe kumene zingabereke, ndi kuti bungwe lija lizilandira zake mwezi ndi mwezi popanda Amayi kukweranso masitepe. Wachisamba atamva anaimba foni n'kunena kuti amuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Amayi anamuuza kuti manyaziwo awasunge bwino, ndipo anamutchulira nambala ya akaunti imene mlangizi wake, amene anamulipira yekha, ananena kuti ana aziponyamo. Foni inaduka, mwina inali netiweki. Mzime analira, koma kumapeto kwa mwezi anaponya.

Wosamalira uja anali bambo wa mapewa otambalala, wosachuluka mawu, wonyamula kachikwama ka mabandeji ndi magolovesi. M'mawa woyamba anapereka moni, anasamba m'manja, anawerama, n'kunyamula Abutchala ngati pilo. Amayi anaima pakhomo la chipinda manja ali lende, osadziwa kowaika. Kenaka anakoka mpando n'kukhala pansi dzuwa likadali m'munsi, chinthu chimene anali atachiiwala kukoma kwake.

Bala linayamba kuuma m'mbali. Wosamalirayo anabweretsa kampira kofinya ndi dzanja lofooka lija, ndipo anayamba kuwaphunzitsa kukweza mwendo ndi kuima atagwira chitsulo cha bedi. Abutchala, amene moyo wawo wonse masewera olimbitsa thupi ankawaona ngati chilango cha anthu osadziwa kudya, ankafinya kampirako mano ali gwa, thukuta likutsika m'khosi.

"Ndasamalirapo ambiri," anatero wosamalira tsiku lina, "koma wakhama chonchi sindinamuone. Akuthamangira kuti, mayi?"

"Sakuthamangira. Akuthawa."

"Ine sinditsogola," anatero Abutchala ali wefuwefu. "Mudziwiretu, mayi."

"Inenso sinditsogola, bambo. Mankhwala anga ndamwa kale."

"Ndiye zikhala bwanji?"

"Tikhala. Tikhala mpaka ndalama za mayi uja zithe, kenaka Ambuye aona chochita nafe."

Wosamalirayo sanamve mutu wa nkhaniyo, ndipo sanafunse. Anagwira chidendene cha wodwala wake n'kunena kuti akweze mwendo kamodzinso. Abutchala anakweza, n'kukwezanso osauzidwa.